Mood board pa ntchito yokongoletsa ukwati ndi chinkhoswe: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu okongoletsa maholo ndi matenti a maukwati, zinkhoswe ndi ma bridal shower, komanso kwa atelala ndi opanga makadi amene timakumana nawo pa ntchito imodzimodziyo. Ena ndi oyamba kumene, ena ndi akale pantchito koma atopa ndi mikangano ya tsiku lomaliza. Pamene ndili ndi mbali, ndanena mosabisa.

Kodi mood board n'chiyani?

Ndi bolodi limodzi, la katoni kapena la pakompyuta, pomwe mwasonkhanitsa zithunzi, tizidutswa ta nsalu, mitundu, maluwa ndi kalembedwe ka zilembo, kuti mwini mwambo akangoponyapo maso aone mmene tsiku lake lidzaonekere. Silinena kuti tebulo la akwati lidzakhala pakona iti kapena kuti mipando idzakhala ingati. Imeneyo ndi ntchito ya pulani ya holo. Silinenanso mitengo. Limayankha funso limodzi lokha: alendo akadzalowa pakhomo, maso awo adzakumana ndi chiyani, ndipo mumtima adzamva bwanji?

Osoka zovala, okonza m'kati mwa nyumba ndi otsatsa malonda akhala akuchita zimenezi ndi sizasi, magazini akale ndi mapini, intaneti isanabwere. Pinterest, tsamba la pa intaneti losonkhanitsirapo zithunzi lomwe linayamba mu 2010, ndi Canva, pulogalamu yoyalira zithunzi ndi zilembo yomwe inayamba ku Australia mu 2013, zangofewetsa kusonkhanitsako. Kusankha kudakali kwa inu.

Ndakhala ndikukongoletsa maukwati popanda bolodi. N'chifukwa chiyani ndiyambe lero?

Chifukwa pakamwa pokha sipakwana. Mkwatibwi akati akufuna pinki ndi golide, m'mutu mwake muli pinki wotuwira, wodekha. Inu mwamva pinki wowala wa mabaluni. Telala wamva wina, wophika keke wamva winanso. Aliyense wagwira ntchito yake mokhulupirika, koma Loweruka m'mawa mu holo muli mapinki anayi osayenderana, ndipo ndalama zapita kale. Palibe amene wanama, koma mkwatibwi akulira ndipo dzina limene likutchulidwa ndi lanu.

Bolodi ndi pangano limene inu ndi kasitomala mumapangana ndi maso, khobidi lisanatuluke. Kuchotsa chithunzi pa bolodi n'kwaulere. Kusintha mamita 60 a nsalu yodulidwa kale ndi ngongole. Ine ndimaona kuti phindu lake lonse lili pamenepa, ndipo n'chifukwa chake bolodi lokongola koma lonama n'loipa kuposa kusakhala nalo.

Ndiyambire pati?

Musayambire pa Pinterest. Yambani ndi kukhala pansi ndi eni mwambo, kenako kapiteni mukaone malowo ndi maso anu.

Kwa eni mwambo funsani tsiku, nthawi, chiwerengero cha alendo, ndi ndalama imene aika pambali ya zokongoletsa zokha, osati ya ukwati wonse. Kenako funsani funso ili, limene limatsegula pakamwa ngakhale anthu amanyazi: "N'chiyani chimene munaona pa ukwati wa anzanu chimene simukuchifuna n'komwe pa wanu?" Anthu ambiri sadziwa kufotokoza chimene akufuna, koma chimene akudana nacho amachidziwa bwino. Apempheninso mawu atatu a mmene akufuna kuti alendo adzamvere. Wina adzati ulemu, bata ndi chikhalidwe; wina adzati chisangalalo, kuwala ndi phokoso. Lembani mawuwo pamwamba pa bolodi, ndipo chithunzi chilichonse chotsutsana nawo chisalowe.

Kumaloko jambulani makoma, makatani, pansi, denga ndi mipando. Holo ya kapeti yofiira kapena ya mipando yapulasitiki yobiriwira yakusankhirani kale mtundu umodzi, mufune musafune. Mwina muuphimba, ndipo kuphimbako kuli ndi mtengo wake, kapena muulandira n'kumanga pa iwo.

Nyengo nayo ili ndi mawu. Mu Okutobala, maluwa othyola kumene amafota msanga mu tenti, nthawi zina akwati asanafike kuchokera ku tchalitchi. Kuyambira Novembala kapena Disembala mpaka Epulo muli mvula ndi matope, ndiye nsalu yoyera yokhudza pansi pa kapinga ndi yotaya. Mu Juni ndi Julayi, ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje chiperoni chimatha kugwa tsiku lililonse, ndipo operekeza mkwatibwi ovala madilesi opanda manja adzafuna chofunda. Ndi bwino chofundacho chikhale pa bolodi kusiyana n'kuti aliyense adzatulutse juzi yake. Ku nyanja, ku Mangochi kapena ku Salima, mphepo ya mwera m'miyezi yozizira imazimitsa makandulo ndi kuulutsa nsalu zopepuka. Zonsezi zimasankha zimene zingalowe pa bolodi musanatsegule foni.

Ndiikepo chiyani, ndipo zinthu zingati?

Chithunzi cha malo enieniwo chikhalepo, chifukwa ndi pamene zonse zidzakhale. Kenako chithunzi chimodzi chachikulu chonyamula mzimu wa tsikulo, mitundu itatu mpaka isanu, tizidutswa ta nsalu, duwa kapena tsamba limene mudzagwiritse ntchito, maonekedwe a patebulo, mtundu wa kuwala, kalembedwe ka pa khadi, ndi chovala cha operekeza. Kwa ine zithunzi 8 mpaka 12 n'zokwanira. Zikapitirira pamenepo bolodi limasiya kulankhula, ndipo kasitomala amasankha chithunzi chimodzi mumtima mwake n'kuyembekezera chimenecho. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ntchito yaikulu ya bolodi ndi kuchotsa.

Okonza m'kati mwa nyumba ali ndi kagawidwe kakale ka 60, 30, 10: mtundu umodzi utenge gawo lalikulu, wachiwiri utenge pafupifupi theka la gawolo, wachitatu ungowaza. Si lamulo, koma kamathandiza, makamaka pa golide. Golide wowaza amaoneka wodula; golide wodzaza holo amatopetsa maso. Onetsani kagawidweka pa bolodi penipeni: mtundu waukulu ukhale chigamba chachikulu, wowaza ukhale kachidutswa.

Chinthu chimene ambiri amaiwala ndi kulemba pansi pa chithunzi chilichonse chimene mukutengapo. Mwachitsanzo: "Apa tikutengapo kapindidwe ka nsalu kokha, osati mtundu." Kapena: "Kutalika kwa maluwa, osati mtundu wa maluwawo." Popanda mawu amenewa kasitomala amaona kuti mwalonjeza chithunzi chonse, pamodzi ndi nyali za padenga ndi mipando ya m'chithunzimo, ndipo sakulakwa kuganiza choncho.

Ndipange la papepala kapena la pafoni?

Onse awiri ngati mungathe. La pafoni kapena pakompyuta limayenda msanga, ndipo simufunika kugula pulogalamu: Canva yaulere, PowerPoint kapena Google Slides n'zokwanira. Ena amakonda Milanote, imene inapangidwira ntchito ngati imeneyi.

Koma ukwati ndi nsalu, ndipo nsalu imafuna kugwiridwa. Sikirini siingaonetse kunyezimira kwa satini, kulemera kwa lesi kapena kuuma kwa chitenje chatsopano. Tengani katoni yoyera ya saizi ya A3, mamilimita 297 ndi 420, mumate zithunzi zopulinta ndipo mukhomerere tizidutswa ta nsalu ndi riboni. Tizidutswato tikhale taufulu mbali imodzi kuti munthu azitha kutinyamula n'kutiyandikiza pa khungu lake kapena pa diresi.

Mtundu umene tinagwirizana pafoni watuluka wosiyana pa makadi ndi pa nsalu. Chalakwika n'chiyani?

Palibe amene wakuberani. Zinthu zitatuzi zimapanga mtundu m'njira zosiyana. Sikirini imasakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, njira yotchedwa RGB. Makina osindikizira amasakaniza inki inayi, CMYK, pa pepala limene silitulutsa kuwala kwake. Nsalu imanyikidwa mu utoto, ndipo ulusi wa thonje umamwa utoto mosiyana ndi wa polyester. Pali mitundu yowala kwambiri, makamaka buluu, pepo ndi wobiriwira wonyezimira, imene sikirini imaonetsa koma inki wamba singaifikire. Onjezani kuti foni yanu ndi ya kasitomala sizionetsa mofanana, ndipo aliyense waika kuwala kwa sikirini pamlingo wake.

Kwa wopanga makadi, mupatseni nambala ya mtunduwo. Mu Canva mtundu uliwonse uli ndi nambala ya zilembo 6, monga #800020 ya ofiira woderako wa burgundy. Komabe muumirire kuti apulinte khadi limodzi loyesera pa pepala lenilenilo asanatulutse onse. Makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito mabuku a Pantone, njira imene Lawrence Herbert anayambitsa ku America mu 1963, pomwe mtundu uliwonse uli ndi nambala yodziwika dziko lonse. Mabukuwo ndi odula, ndipo wogulitsa nsalu ku msika wa Limbe sadzakufunsani nambala ya Pantone. Njira yathu yodalirika ndi iyi: gulani theka la mita la nsalu imene mwagwirizana, muidule tizidutswa, mupatse telala, wophika keke, wopanga makadi ndi wa maluwa aliyense kake. Kachidutswako ndiko kakhale muyeso wa onse. Timakadi ta mitundu ya penti ta m'mashopu a zipangizo zomangira timathandizanso pamene nsalu sinapezeke.

Pomaliza pali kuwala kwa pamalopo. Mababu olembedwa 2700K kapena 3000K amatulutsa kuwala kwachikasu, kofunda. A 6500K amatulutsa koyera kopendekera ku buluu. Nsalu ya kirimu imaoneka yokoma pansi pa oyambawo, koma pansi pa achiwiriwo imatha kuoneka yakuda ngati yosachapa. Pitani ndi kachidutswa kanu ku holo pa ola limene mwambo udzachitike, muyatse magetsi, muone. Funsaninso kuti magetsi akazima jenereta imayatsa nyali ziti, chifukwa mwina ndi zimenezo zimene alendo adzaonere ntchito yanu.

Kasitomala wabwera ndi zithunzi za pa Pinterest zimene ndalama zake sizingakwanitse. Ndimuuze bwanji?

Ili ndiye funso lalikulu pa ntchito yathu, ndipo mayankho awiri ophweka onse ndi olakwika. Mukangovomera, mwalonjeza bodza. Mukangoti "sizingatheke", mwamuchititsa manyazi pa chinthu chimene wakhala akuchilota, ndipo apita kwa wina amene avomere.

Choyamba dziwani chimene mukuyang'ana. Zambiri mwa zithunzi zimenezi sizichokera pa ukwati weniweni. Ndi tebulo limodzi la anthu ochepa limene okongoletsa ndi ojambula akonza kuti atsatse malonda awo, ndi maluwa ngati peony amene amakonda maiko ozizira, ndi kuwala kosankhidwa ndi katswiri. Ukwati wa kwathu uli ndi alendo mazanamazana, ana othamanga, ndi perekaniperekani amene amafuna bwalo lotakata kutsogolo kwa akwati. Tebulo lodzaza maluwa ndi makandulo pakati pa njira silingapirire mzere woyamba wa ovina.

Ndiye mufunseni modekha: "Achemwali, pachithunzichi n'chiyani chenicheni chimene chakukokani?" Nthawi zambiri ndi chinthu chimodzi. Mwina ndi kuwala kofewa, mwina kutalika kwa zokongoletsa kumbuyo kwa akwati, mwina kuchuluka kwa zobiriwira. Chinthu chimodzicho n'chotheka. Masamba otuwira amene adzaza zithunzi za maukwati a kunja ndi a eucalyptus, ndiye kuti banja la bulugamu amene ali paliponse kwathu kuno, ngakhale masamba ena ndi ozungulira pomwe athu ambiri ndi aatali. Bougainvillea ali m'mipanda. Udzu wouma wa ngayaye, nsungwi, malichero, mikeka ndi miphika yadothi zimapereka maonekedwe amene anzathu akunja amawalipira ndalama zambiri.

Kenako ikani ndalama pamene maso ndi kamera zidzakhale nthawi yaitali: kumbuyo kwa akwati, pakhomo lolowera, ndi patebulo la keke. Matebulo a alendo akhale aukhondo ndi ophweka.

Lamulo limene sindilisintha ndi ili: pa bolodi pasalowe chinthu chimene simukudziwa kokachigula kapena kokachibwereka, ndi mtengo wake. Chithunzi cha kasitomala chikhoza kukhala pambali ngati poyambira, cholembedwa momveka kuti n'chongoonerapo. Cholowa pakati pa bolodi ndi chokhacho chimene manja anu adzachipange.

Nanga ngati pali chitenje cha mwambo, monga pa chinkhoswe?

Pamenepo chitenje ndicho chimayamba, zina zonse zimatsatira. N'kosavuta kupeza nsalu yosalemba yoyenderana ndi chitenje kusiyana n'kusakasaka chitenje choyenderana ndi mitundu imene mwasankha kale. Chiyaleni patebulo masana, mutengemo mitundu iwiri kapena itatu. Kawirikawiri mtundu umene uli wochepa kwambiri m'chitenjemo, kamzere kachikasu kapena kadontho ka buluu, ndi umene umakhala wowaza wabwino pa riboni ndi pa khadi. Ndipo popeza alendo ambiri adzavala chitenjecho, holo isachibwerezenso paliponse. Anthuwo ndiwo adzabweretse maluwa a nsaluyo; makoma ndi matebulo apume.

Pali zinthu zingapo za pamsika zoyenera kudziwa bolodi lisanavomerezedwe. Chitenje chimagulitsidwa kawirikawiri m'zidutswa za mamita awiri, pomwe wax wodula ngati wa Vlisco wa ku Helmond, ku Netherlands, amabwera m'mayadi 6. Kaya ndi cha Mapeto David Whitehead ku Blantyre kapena chochokera ku Tanzania, maluwa amodzi amatha kutha pamsika osabweranso, ndipo akabweranso mtundu umatha kusiyanako pang'ono ndi woyamba. Choncho funsani wogulitsa kuti ali nacho chochuluka bwanji musanachiike pa bolodi, ndipo chikavomerezedwa gulani chonse tsiku limodzi. Chapani kachidutswa muone ngati chikusuluka. Chitenje chofiira chosuluka chimawononga lesi yoyera imene telala wasokerera pamodzi nacho. Pojambula, ikani dzanja kapena rula pa nsaluyo kuti kukula kwa maluwa kuoneke, chifukwa maluwa akuluakulu amadya nsalu yambiri telala akamawalumikiza.

Ngati akuchimuna ndi akuchikazi asankha zitenje zosiyana, zonse ziwiri zikhale pa bolodi moyandikana, ndipo mtundu wa holo ukhale umene ukupezeka mu zonse ziwiri, kapena woyera ndi kirimu. Musalole kuti holo ioneke ngati yatenga mbali.

Ndingapeze kuti malingaliro kupatula pa intaneti?

Tulukani panja ndi foni yanu. Jacaranda akamachita maluwa a pepo mu Seputembala ndi Okutobala m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, onani mmene pepoyo amakhalira pa dothi lofiira. Onani kubiriwira kwa minda ya tiyi ku Thyolo pansi pa thambo lotuwa. Mbale ndi makapu a ku Dedza Pottery, zosema za ku KuNgoni ku Mua, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndi zojambula zofiira ndi zoyera za pa miyala ya Chongoni, zimene UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 2006, zonsezi zili ndi mitundu yoyenderana kale imene simungaipeze pa bolodi la mnzanu.

Pano ndichenjeze. Si chilichonse chokongola chimene chili chokongoletsera. Zigoba ndi zilombo za Gule Wamkulu zili ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo sizoti n'kuziika patebulo la keke chifukwa zikuoneka bwino. Chimodzimodzinso ku tchalitchi: funsani kaye zimene zimaloledwa pafupi ndi guwa. Mu mpingo wa Katolika, mwachitsanzo, nyengo ya Adiventi ndi ya Lenti imakhala ndi nsalu za pepo, ndipo simudzazichotsa chifukwa zikusemphana ndi mitundu yanu.

Kodi nditsatire mtundu wa chaka?

Pantone yakhala ikulengeza mtundu wa chaka kuyambira 2000. Wa 2024 unali Peach Fuzz, wonga pichesi, wa 2025 Mocha Mousse, wa bulawuni. Kudziwa n'kwabwino chifukwa makasitomala amauona pa Instagram ndipo adzaufunsa. Koma funso lofunika n'lakuti mtunduwo ukukhala bwanji pa khungu la mkwatibwi ndi operekeza ake. Ikani nsaluyo paphewa pawo masana, mujambule, muonere limodzi.

Ndimuonetse kasitomala mabolodi angati?

Awiri, osapitirira atatu, ndipo akhale osiyana zenizeni, osati bolodi limodzi losinthidwa riboni. Lililonse likhale loti mungasangalale kuligwira ntchito. Musaike lofooka kuti linzake liwale, chifukwa tsiku lina kasitomala adzasankha lofookalo.

Poonetsa, liikeni patsogolo pake mukhale chete kaye. Muoneni pamene maso ake aima ndi chimene dzanja lake layamba kugwira. Mukatero musafunse kuti "Mwalikonda?", pakuti anthu athu ndi aulemu ndipo adzati "lili bwino" ngakhale mtima ukukana. Funsani kuti, "Mukanati muchotsepo chinthu chimodzi, mukanachotsa chiti?" Nenaninso poyambirira kuti kusintha n'kwa maulendo awiri, ndipo kopitirira apo kuli ndi mtengo.

Mkwatibwi wavomera, koma mayi ake, apongozi ndi komiti ya ukwati akufuna zina. Ndimvere ndani?

Ukwati wa kwathu si wa anthu awiri, ndipo amene akusonkha ndalama ali ndi ufulu wolankhula. Vuto limabwera pamene akulu aona bolodi mochedwa, zonse zitagulidwa. Pemphani kuti mayi kapena azakhali amene mawu awo amalemera adzakhalepo tsiku loonetsa bolodi loyamba. Apatseni nsalu aigwire. Afunseni mwaulemu: "Mayi, kwa inu n'chiyani chimene sichiyenera kusowa pa tsikuli?" Nthawi zambiri pempho lawo ndi laling'ono ndi lomveka, monga kuti madilesi asakhale afupi kwambiri kapena kuti chitenje cha banja chionekere penapake, ndipo lingalowe popanda kugwetsa bolodi.

Koma pamsonkhano womwewo banja litchule munthu mmodzi amene mawu ake ndi omaliza, ndipo zosintha zonse zidzere mwa iye. Musalandire malangizo kuchokera kwa aliyense wa pa gulu la WhatsApp la komiti. Wina akakuimbirani payekha, muyankheni mwaulemu kuti mwamva ndipo mukaufikitsa uthengawo kwa amene anasankhidwa. Munthu ameneyo asaine ndi kulemba deti kumbuyo kwa bolodi, kapena alembe uthenga woti wavomera pansi pa chithunzi cha bolodilo.

Kasitomala wanga ali ku Johannesburg kapena ku UK, adzabwera sabata ya ukwati. Tigwirizana bwanji?

Tumizani bolodi ngati PDF kapena ngati document pa WhatsApp, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse chimafinyidwa ndipo tinthu tating'ono timasowa. Nsalu muzijambula panja pamthunzi, pambali pa pepala loyera, popanda fyuluta. Mukakhala m'shopu muimbireni pa vidiyo, mutulutse nsaluyo pakhomo aione ikugwedezeka. Apezenso m'bale wake wa kuno amene amamukhulupirira, adzagwire nsalu m'malo mwake.

Ngati madilesi kapena masuti akugulidwa kumeneko, musayambe kugula nsalu za holo kachidutswa kapena riboni ya mtunduwo isanafike m'manja mwanu. Anthu amayenda pakati pa Johannesburg ndi Blantyre sabata iliyonse, ndipo envelopu yaing'ono silemera.

Kodi n'kololedwa kuika zithunzi za anthu ena pa bolodi langa?

Chithunzi chili ndi mwini wake ngakhale chili pa intaneti. Ku Malawi nkhaniyi ili pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndi limene limayang'anira za umwini wa ntchito zaluso. Kuonetsa kasitomala mmodzi chithunzi pokambirana ndi zimene okonza zinthu amachita kulikonse. Kuchiika pa tsamba lanu la Facebook ngati ntchito ya manja anu ndi kuba, ndiponso ndi kunamiza amene adzakulembeni ntchito chifukwa cha chithunzicho. Lembani pansi pa chithunzi chilichonse kumene chachokera. Bolodi loti lionekere pagulu lipangeni ndi zithunzi zanu kapena za malo ngati Unsplash ndi Pexels, kumene ojambula amaloleza kugwiritsa ntchito zithunzi zawo kwaulere. Zithunzi za ukwati umene munakongoletsa nokha, pemphani kaye kwa eni ukwati ndi kwa amene anajambula.

Nanga zithunzi zopangidwa ndi AI, zimene kompyuta imajambula yokha mukaiuza chimene mukufuna?

Zingathandize kuyesa mitundu msanga, koma pa bolodi la kasitomala ndimazikana. Zimaonetsa maluwa amene kulibe, nsalu zolendewera popanda chozigwira, ndi maholo opanda zipilala. Ngati mwaikapo chimodzi, lembanipo kuti si chenicheni.

Ndilipiritse bolodi? Ena amalitenga n'kupita nalo kwa wotchipa.

Lipiritsani. Mwayenda kukaona malo, mwazungulira m'mashopu, mwagula tizidutswa, mwatha bandulo, ndipo mwaika nzeru zanu. Njira imene makasitomala amailandira mosavuta ndi kunena kuti ndalama ya bolodi idzachotsedwa pa mtengo wonse akakupatsani ntchitoyo. Ilandireni pa Airtel Money kapena Mpamba musanayambe, kuti pakhale umboni. Dipoziti isanalowe, bolodi la katoni likhale kwa inu, la pafoni lipite lili ndi dzina lanu, ndipo mndandanda wa kumene mudzagule zinthu usatuluke. Amene walipira bolodi n'kupita nalo kwina sanakulakwireni. Wagula chimene munagulitsa.

Ine ndimapanga ma logo ndi mapepala omata pa katundu, osati maukwati. Zimenezi zikundikhudza?

Kwambiri. Mayi wogulitsa uchi kapena chiponde akati akufuna chizindikiro "chamakono", simudziwa chimene akuona mpaka mutamuonetsa. Pa bolodi lanu pakhale kalembedwe ka zilembo kamitundu iwiri kapena itatu, mitundu, botolo lenilenilo, ndi chithunzi cha shelefu ya m'shopu pomwe katunduyo adzakhale pakati pa anzake. Musaikepo logo yomalizidwa. Kasitomala adzayamba kukonza mizere yake musanagwirizane njira. Ganiziraninso kumene chizindikirocho chidzathere: pa chidindo cha inki imodzi, pa risiti yakuda ndi yoyera, pa khoma la shopu pomwe wolemba zikwangwani adzachijambule ndi burashi. Mitundu yosungunukirana imene imakoma pa sikirini singapulumuke m'malo amenewa.

Bolodi lavomerezedwa. Kenako?

Lisandutseni mndandanda: chinthu chilichonse chili pa bolodi chikhale ndi kuchuluka kwake, kokagula kapena kokabwereka, mtengo, ndi tsiku loyenera kukhala chitafika. Telala, wophika keke, wopanga makadi, wa maluwa ndi wojambula zithunzi alandire chithunzi cha bolodi lomwelo ndi kachidutswa ka nsalu. Wojambula amaiwalika, koma akadziwa mitundu ndi kuwala kwa mu holo amabwera atakonzeka.

Kukatsala masabata awiri kapena atatu, yalani tebulo limodzi lathunthu, ndi nsalu, mbale, maluwa ndi mpando wovekedwa, kasitomala adzalione kapena mumutumizire vidiyo. Ngati nsalu ina yatha pamsika, musasankhe nokha yolowa m'malo mwake ngakhale ikufanana kwambiri. Muonetseni, avomere, musinthe kachidutswa pa bolodi ndi kulemba deti latsopano. Tsiku lokongoletsa pitani nalo bolodi ku holo mulipachike pamene anyamata ndi atsikana okuthandizani akuliona, kuti asamakufunseni riboni iliyonse inu muli pamakwerero.